Mayankho Atatu a Loko

Pa saluni ya pakona, pakati pa sitolo ya mankhwala ndi malo otsukirapo galimoto, panali mayi wina woluka tsitsi amene makasitomala ankamutchula kuti Loko. Dzinali linabwera chifukwa cha mbiri yake. Chinsinsi chilichonse chimene munthu wamuuza ali pampando chinkakhala ngati chatsekeredwa m'sutikesi, kiyi n'kutayidwa m'chitsime. Akazi ankalambalala masaluni otchipa n'kubwera kwa iye.

"A Loko ndiye munthu," ankatero. "Ukawauza nkhani, sudzaimvanso kwina."

Sankanama. Nkhanizo sizinkamvekanso kwina chifukwa ngakhale Loko mwini wakeyo sankazimva zonse.

Makutu ake anayamba kujomba pang'onopang'ono. Lamanzere ndilo linayamba, lakumanja n'kumatsatira, ngati wantchito amene waona mnzake akuweruka msanga popanda womudzudzula. Mawu ankamufika odukaduka ngati tsitsi lothothoka ndi mankhwala, apa pali, apa palibe. Ndiye iye ankachita zimene manja ake anazolowera, kuwonjezera meshi. Ankayang'ana milomo ya kasitomala pagalasi, n'kuona mmene nsidze zakwerera, n'kukumbukira zimene mayiyo anadandaula ulendo watha, kenako n'kulumikiza zidutswazo m'mutu mpaka chiganizo chitaima. Nthawi yonseyo zala zikuluka tsitsi lenileni. Anthu ankaona ntchito imodzi. Iye ankagwira ziwiri, ndipo yosaonekayo ndiyo inkalemera.

M'mawa zinkayenda. Mutu ukadali wopepuka, Loko ankatha kumva ngakhale zimene munthu wameza osanena. Koma dzuwa likafika pamutu, wailesi ikulira, makina oumitsira tsitsi akulira, mpope wa otsuka galimoto nawo ukulira kuseri kwa khoma, akazi onse akulankhulira pamodzi, khosi lake linkauma gwa. Maso ankatentha. Kumbuyo kwa mutu kunkakhala ngati wina wamuluka mothinitsa kwambiri. Pamenepo ankaika chipeso pansi.

"Ndikapinde matawulo," ankatero.

Kachipinda ka matawulo kanalibe windo. Ankatseka chitseko, n'kukhala pandowa yovundikira, n'kutsinzina. Sankagona, sankapemphera. Ankangokhala duu, osamvetsera munthu aliyense. Akatuluka ankasokoneza mulu umodzi n'kuupindanso, kuti bodza lake likhale ndi mboni.

"Matawulo a pano ndi amwayi," Madamu, mwini saluniyo, ankakonda kunena. "Amapindidwa kawirikawiri kuposa mmene amachapidwira."

Loko ankaseka nawo. Kunena zoona kunali kosavuta, mawu ake ndi ochepa. Koma iye ankakumbukira gogo wina amene kale ankabwera kudzadetsa imvi, yemwe atsikana anamupatsa dzina loti a Chiyani. Ankamulankhula mokuwa ngati akuitana munthu wa tsidya, akatuluka n'kumamuyeserera. Loko nayenso ankaseka, ndipo ankatha kumuyeserera kuposa onse. Komanso panali china cholemera kuposa apo. Akazi onse amene analira pampando wake, akanadziwa, akanati chiyani? Kuti misozi yawo ankaithira m'dengu?

Choncho pofuna kupulumuka masana, meshi ya m'mutu ikatha, Loko anali ndi mayankho atatu a m'thumba. Nkhani ikaoneka kuti ikupitirira, ankati, "Ndiye?" Maso a kasitomala akatong'oka, ankati, "Musatero." Mawu akatsika kumapeto, mutu n'kuwerama, ankati, "Zimachitika." Mayankhowa sanamugwiritsepo mwala. Zinkamuchititsa manyazi kuona mmene ankakwanira bwino pa nkhani iliyonse, ya mwamuna wozemba, ya mwana wolephera mayeso, ya apongozi, ngati kiyi mmodzi wotsegula nyumba zonse za mumsewu.

Kunyumba kunali mwamuna wake, wophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Ophunzira ake anamutcha Kilatchi, poti mawu amenewo ndiwo ankatuluka kawirikawiri m'kamwa mwake. Anali munthu wadazi, wansangala, wapakamwa ngati wailesi yopanda batani lozimitsira. Tsiku lonse ankatolera nkhani: m'busa amene amatsinzina popemphera ali pachiwongolero, mtsikana amene amapepesa galimoto akaizimitsa. Madzulo ankafika nazo zili zotentha kuti akhuthulire mkazi wake. Ndipo ankamupeza mkaziyo atatha ngati sopo.

Loko sanakonze zoti mayankho a ku saluni alowe m'nyumba. Analowa okha, tsiku lina atatopa kwambiri, ndipo atagwira ntchito anakhazikika.

Nyengo imeneyo mawu a Kilatchi anali atasasa. Loko ankati ndi chimfine chokanirira, ndipo ankamukonzera madzi otentha a mandimu. Koma mumtima ankadandaula za iye mwini, chifukwa mawu osasa ndiwo ankamuvuta kuposa ena onse. Analibe m'mphepete mogwira.

Madzulo ena akutsuka mbale, mpopi uli wotsegula, mwamunayo analowa m'khitchini n'kuima kumanja kwake. Analankhula nthawi yaitali, pang'onopang'ono. Loko ankamva kuti munthu akulankhula, monga mmene umamvera mvula ikugwa padenga la oyandikana nawo. Ankadziwa choyenera kuchita: kutseka mpopi, kutembenuka, kuyang'ana pakamwa. Koma tsikulo anali ataluka akwati ndi operekeza awo, ndipo m'mutu munalibe ndi kachingwe komwe kolumikizira mawu awiri. Anangodikira kuti amve kumene mawuwo athere. Anathera pansi.

"Zimachitika," anatero, akutsukuluza kapu.

Kilatchi anatenga kapuyo m'manja mwake, n'kutungira madzi, n'kumwa, n'kutuluka.

Kuyambira pamenepo m'nyumba munati zii. Mwamunayo ankafika, kupereka moni, kudya, n'kukakhala pakhonde. Ndipo apa ndi pamene pambuyo pake pankamuwawa Loko akakumbukira: iye anasangalala. Masiku amenewo anagona bwino. Mutu unasiya kuwawa madzulo. Ankati mwina ukalamba wayamba kumuphunzitsa mwamuna wake ulemu.

Mmawa wina saluni itangotsegulidwa, kunabwera mlamu wake, mchemwali wa Kilatchi. Anali mphunzitsi wa ana aang'ono, wozolowera kutsegula pakamwa ponse polankhula, moti Loko ankamumva bwino ngakhale pa tsiku loipa. Anakhala pampando, n'kuvula duku, n'kuyang'ana Loko pagalasi osaphethira.

"Mundiluke zosavuta kugonera, alamu. Pabenchi ya kuchipatala sipafuna sitayilo."

"Mukudwala?"

"Ine? Ndili gwa ngati mwala."

"Nanga kuchipatala mukukatani?"

Mlamuyo anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Kukadikirira achimwene. Munthu sangalowe ku opaleshoni panja popanda womusungira nsapato. Andipempha ine, poti inu ntchito yakuchulukirani."

Zala za Loko zinaima pakati pa mzere.

"Opaleshoni ya chiyani?"

"Aa, alamu. Tisapusitsane, tonse ndife akuluakulu. Munthu wakuuzani kuti amupeza ndi chotupa pammero, akamuchita opaleshoni Lachinayi, akuopa, mukamuperekeze. Inu n'kumuyankha bwanji?" Anatembenuza mutu kuti onse amve. "Akuti zimachitika. Ndiye zoona, zimachitika. Amuna amadwala, amuna amafa, tsitsi silisiya kumera."

Madamu anatsitsa wailesi, chinthu chimene sankachita ngakhale foni ikalira. Mtsikana wotsuka mitu anatseka mpopi. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri, m'saluni munali bata loti Loko akanamva singano ikugwa, ndipo panalibe woti amumvetsere koma mtima wake.

Patsogolo pake panali zitseko ziwiri. Akanakhala chete, akanatuluka ngati mkazi wouma mtima. Akanalankhula, akanatuluka ngati a Chiyani. Ndipo anadabwa, manyazi n'kumugwira mpaka kumapazi, kupeza kuti dzanja lake linali kale pa chitseko choyamba. Kuuma mtima kunkaoneka kopepukirapo. Munthu wouma mtima anthu amamuda, koma samuyeserera.

"Ndikapinde matawulo," anatero.

"Mwaona?" mlamuyo anauza galasi.

M'kachipinda muja anakhala pandowa n'kutsinzina, koma bata la tsikulo silinamulandire. Ankangoona msana wa mwamuna wake ukutuluka m'khitchini, kapu ili pasinki. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anavula epuloni, n'kutulukira khomo la kuseri, kwa otsuka galimoto, kusiya mlamu wake mutu uli theka woluka, theka chiimire.

Bwalo lophunzitsira linali kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, malo afumbi okhala ndi migolo ndi mitengo yoimika yoti ophunzira azizemba pobwerera m'mbuyo. Migolo yonse inali yophwanyika m'mbali. Anamupeza Kilatchi ali m'galimoto yekha, pamthunzi, injini ikulira, akudikira wophunzira wotsatira. Loko anatsegula chitseko cha kumbuyo n'kukhala kuseri kwa mpando wake.

Mwamunayo ananena kanthu osatembenuka.

"Zimitsani injini," anatero Loko. "Tsekani mawindo. Ndiye mutsitse galasilo, ndizikuonani pakamwa."

Kilatchi anazengereza, koma anachita zonse. M'galasi laling'onolo munatsala milomo yake yokha ndi ndevu zoyamba kuyera.

"Ndimati ophunzira amakhala kutsogolo," inatero milomoyo.

"Ine ndinazolowera kuima kumbuyo kwa munthu. Alamu ali ku saluni. Andiuza."

"Ndiye mwamva."

"Ndikufuna ndimve kwa inu."

"Ndinanena kale, mayi. Adokotala akuti mawu ndiziwasunga. Sindingamawataye pawiri."

Loko anayang'ana m'manja mwake. Munali mafuta a tsitsi la mlamu wake. Mawu amene anawasunga zaka zonsezi anatuluka aang'ono, osakwanira n'komwe kudzaza galimoto.

"Ine sindimva bwino."

"Ndikudziwa. Lamanzere."

Loko anadzutsa mutu.

"Tagona bedi limodzi kuyambira ndili ndi tsitsi," anatero Kilatchi. "Mukagonera kumanja, wotchi imalira mpaka kutopa. Ndinkangoti mudzanena nokha mukadzafuna. N'chifukwa chake tsiku lija ndinaima kumanja. Ndinasankha mbali, mayi. Ndinayeserera mawu ake muno m'galimoto tsiku lonse ngati mwana wokalakatula ndakatulo. Ndiye musandiuze kuti sanalowe."

"Analowa."

"Basi."

"Analowa, koma wowalandira anali ataweruka," anatero Loko. "Inu mukamva mawu, mwamva. Ine ndimalandira zidutswa, n'kuyamba kulumikiza, uku munthu akupitiriza kulankhula, ine ndikuthamangira m'mbuyo mwake. Kuyambira m'mawa. Pofika madzulo ndimakhala ngati ndasenza njerwa ndi mutu wa m'kati. Mukalankhula ndimamva kuti ndi inu, koma kuti ndinyamule chimene mwanenacho, mphamvu palibe."



"Batire," inatero milomo ija. "Nyali zayaka tsiku lonse injini ili yozima."

"Za galimoto sindizidziwa."

"Ndiye kuti yonse imathera kwa akazi a eni ake. Ine ndimalandira zotsala."

Loko akanatha kuvomera pamenepo n'kupulumuka. Koma anali atatopa ndi kupinda matawulo opinda kale.

"Ngakhale zotsalazo simunkalandira," anatero. Ndipo anamuuza za mayankho atatu aja, lililonse ndi ntchito yake. Ankalankhula akuyang'ana kumbuyo kwa mpando, pamene ulusi unayamba kusomoka.

Kilatchi anaseka, kuseka kouma kumene kunathera m'chifuwa. "Imani kaye. Nkhani ya m'busa uja, atalowetsa galimoto m'khola la nkhuku. Munati musatero."

"Linali la m'thumba."

"Nanga ya mayi uja anabwera ndi mapilo atatu okhalira?"

"Nalonso."

"Ndinaikamba bwino nkhani imene ija," anatero mwamunayo, ndipo sankasekanso. "Ndinkaisunga kuyambira m'mawa. Anzanga kuntchito sindinawauze, ndimati ayambe kumva ndi mayi."

Zimenezi zinamulasa Loko kuposa mawu onse a mlamu wake. Sanapepese, poti kupepesa kukanamveka ngati yankho lachinayi. Anangodikira, maso ali pagalasi.

Patapita nthawi milomo ija inayambanso, pang'onopang'ono. Inati pali kachotupa pamene pamatulukira mawu. Akakachotsa, n'kukakapima. Mwina n'kachabe, mwina ayi. Akachoka kumeneko sadzaloledwa kulankhula kwa milungu ingapo, ngakhale kunong'ona. Ndipo palibe amene walonjeza kuti mawu adzabwerera mmene analili.

"Munthu ngati ine," inatero milomoyo. "Ndikapanda pakamwa, chotsala n'chiyani? Dazi? Ndikuopa, mayi."

Mawu anatsika kumapeto. Mutu unawerama. Loko anamva mayankho ake atatu atafola palilime ngati ana asukulu, lachitatu lili patsogolo. Anawameza onse. Anatambasula dzanja n'kuliika pa dazi lija, mutu wokhawo padziko umene analibe nawo chochita, n'kulisiya pomwepo.

"Pabenchipo ndikakhala ine," anatero.

"Achemwali aluka kale tsitsi."

"Ndawaluka theka lokha."

Mapewa a Kilatchi anagwedezeka. Koma sanavomere msanga. Anakweza galasi lija kuti tsopano muoneke maso, kenako n'kulitsitsanso.

"Benchi imeneyo ili pakhomo lolembedwa zinthu zitatu: makutu, mphuno ndi mmero. Ine ndikalowera mmero. Wofuna kundisungira nsapato akalembetse za makutu. Apo ayi, ndipita ndi wa theka yemweyo."

Loko anabwerera ku saluni dzuwa litakwera. Mlamu wake anali akadali pampando, nkhope ili ngati mvula, poti palibe anayerekeza kumaliza mzere wa Loko. Loko anavala epuloni, n'kutenga chipeso, ndipo asanagwire tsitsi analankhula moyang'ana galasi, kuti asaone munthu m'maso.

"Madamu, wailesiyo ikhale choncho. Ine makutu anga ndi ovuta, ndi kale. Matawulo aja sindipinda. Ndimakapuma."

Palibe anaseka. Zikanakhala bwino akanaseka. Mtsikana wotsuka mitu, amene ankayeserera nawo a Chiyani, anayamba kupukuta sinki youma. Madamu anati, "Mukanangonena," mokweza kwambiri, ngati akuitana munthu wa tsidya.

Mayi wina wa masana, amene tsikulo anafika msanga, anasendera kutsogolo pampando wodikirira.

"Ndiye za bambo a kwathu zija, a Loko, simunamve?"

"Ndinamva theka."

"Theka lake liti?"

"Loyambirira."

Mayiyo anaganiza kaye. Kenako anatola chikwama chake n'kunena kuti akubwera, akagule kaye mankhwala. Sanabwerenso, tsikulo kapena lina lililonse.

Mlamu anadikira mpaka mzere womaliza. Akumanga duku anangoti, osayang'ana munthu, "Nsapato zawo n'zonunkha. Mutenge jumbo."

Lachinayi Loko ndi mlamu wake anakhala pabenchi, jumbo ili pakati pawo. Dzina la Loko litaitanidwa, mlamuyo ndiye anamugunda ndi chigongono. Analowa, anamuveka zomvera m'makutu, anamuuza kuti azikweza dzanja akamva kulira. Anakhala nthawi yaitali dzanja lili pamwendo, akuona namwino akulemba.

Masana anawalola kukamuona Kilatchi. Anali chigonere, maso ofiira, wooneka wamng'ono pabedi lalitalilo. Pamwamba pa mutu wake anamatapo pepala loletsa kulankhula. Zopima zinali zisanatuluke, ndipo anati zitenga masiku. Atawaona anayendetsa milomo popanda mawu.

"Akufuna madzi," anatero mlamu.

Kilatchi anapukusa mutu.

"Pilo? Mukumva kuwawa, achimwene? Ndiitane anamwino?"

Anapukusanso, n'kuyang'ana mkazi wake. Loko anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye, pafupi, pamene kuwala kwa pawindo kunkagwera pakamwa pake. Tsikulo anali asanaluke munthu aliyense, ndipo m'mutu munali malo. Mwamunayo analoza khutu lake, n'kuloza Loko, n'kuyendetsanso milomo. Anali mawu amodzi okha, ndipo Loko ankawadziwa bwino mmene amaonekera.

"Akuti chiyani?" anafunsa mlamu.

"Akuti, ndiye?"

Anasendeza mpando pafupi, n'kuyamba kumuuza zonse, kuyambira pa chigongono cha mlamu wake.